Ndani Adule Nthochi ya Zefaniya?

Kalekale... koma ayi, ndilumbire kaye. Pali amayi anga ali chigonere kumsitu uko! Mphenzi indipeze pompano ngakhale kumwamba kulibe mtambo, ngati m'nkhani iyi muli liwu limodzi lonama! Ena nkhani amaithira mchere, ine ayi. Zimene ndikunenazi ndidaziona ndi maso angawa, nthawi imene maso ake ankatha kuwerenga nthiti za udzudzu uli tsidya la Linthipe.

Kalekale, ndikutero, m'mudzi wa Chimkoka mudali munthu wolemba mabuku, dzina lake Zefaniya Phwitiko. Ine sukulu ndidangoidutsa kuseri popita kubusa, ndiye mabuku akewo sindidawerenge, koma ndidawamva, ndipo wakumva amasunga zambiri kuposa wowerenga. Buku lake lina lidali loseketsa mwakuti mphunzitsi wina, poliwerengera ana, nsagwada zidaguluka, mpaka lero amatafunira cham'mbali. Lina lidali lachisoni mwakuti chaka chimene lidatuluka, Linthipe adasefukira pakati pa chilimwe, mvula osagwa, misozi yokhayokha. Akamawerenga mabuku ake pawailesi, ngakhale nkhuku zinkaleka kupalasa.

Munthuyu adali ndi kagwiridwe kakekake ka ntchito. Tsiku la msika ankavala chipewa n'kupita ku Chimbiya, osagula kanthu, osagulitsa kanthu. Ankangokhala pamwala pafupi ndi ogulitsa kachewere, kumvetsera anthu akunenerera, akukangana, akunamizana. Iye ankati kumeneko n'kukunkha mawu. Akabwerako ankakhala pa taipi yake, ka-ka-ka-ka, mpaka malata kunjenjemera.

Mkazi wake adali Nangondo, wa ku Ntchisi. Adamutenga chitengwa, ndiye kuti mkazi ndiye adasiya kwawo n'kudzakhala kwa mwamuna. Mulungu adawapatsa mwana mmodzi yekha, Felesiya.

Tsiku lina la msika, nthawi yokolola, Zefaniya adamwa tiyi n'kumusiya pakati, n'kuimirira.

"Nangondo, tiyiyu musataye. Ndimaliza ndikabwera."

"Azizira, bambo a Felesiya."

"Mutenthetsanso. Kodi moto wayamba kugulitsidwa?"

Adaseka, n'kuvala chipewa, n'kutuluka. Basi. Amayi a pachitsime adamuona akuwoloka kamlatho. Anthu a kumsika sadamuone. Ndipo pakati pa kamlathoko ndi msika palibe nkhalango, palibe chigwembe, palibe chilombo, ndi njira yokha ndi mikukwe ya chimanga uku ndi uku. Munthu adangosungunuka ngati mchere m'ndiwo. Adalibe mdani, adalibe wachibwenzi, mutu wake udali bwinobwino. Apolisi adabwera, adafunsa, adapukusa mitu, adapita.

Tsono padali anthu atatu amene sadavomere kuti munthu angangozimirira chotero.

Woyamba adali Esinati, mlongo wake wa Zefaniya, bere limodzi. Ameneyu adamanga nsalu m'chiuno n'kuyamba kuyenda. Adalowa m'zipatala, m'ndende, m'maesiteti a fodya, adafika ku Tete, adafika ku Chipata. Kulikonse kumene wamva kuti kwapezeka mtembo wopanda mwini, iye ali komweko. Ndipo sankayang'ana nkhope, chifukwa nkhope ya wakufa imanama. Ankavundukula kumapazi. Zefaniya adalibe chala chaching'ono cha phazi lamanzere, ndipo amene adachidula ndi khasu ali ana kudimba adali Esinati yemweyo. Adayenda mayi ameneyu mpaka mapazi ake adang'ambika ming'alu yoti nkhululu zinkagonamo n'kumalira iye akuyenda. Akabwera kumudzi mawu ake adali amodzi: "Mapazi a akufa onse a dziko lino ndawaona. A Zefaniya palibe. Mlongo wanga ali moyo."

Wachiwiri adali Bitoni, bwenzi la Zefaniya la ponda apa m'pondepo, amene ankagulitsa mabuku ake panjinga. Ameneyu adati, "Maso awiri sangafune munthu, afunika maso a dziko." Ankafika pamsika, n'kukwera pachiguduli cha matumba, n'kuyamba kuwerenga buku mokweza. Anthu akadzaza, nkhani ikafika pokoma penipeni, ankalitseka kuti phwa! "Mukufuna zina? Ndipezereni mwini wake." Ndiye dziko lonse lidayamba kumufuna, ndipo dziko lonse lidayamba kumuona. Tsiku limodzi lomwelo wina wamuona ku Karonga akupuntha mpunga, wina ku Nsanje akupalasa bwato, wina ku Mchinji atasunga ndevu akulalikira pansi pa mtengo. Bitoni konseko ankapita. Matayala atatha adaikamo udzu, udzu utatha adayendera malimu, moto uli thethethe mumsewu, anthu n'kumayatsira fodya. Ndipo ulendo uliwonse asananyamuke ankadzera kwa Nangondo.

"Alamu, ulendo uno ndiye ndi yemweyo. Konzani pakhomo."

Nangondo ankasesa, n'kupha nkhuku. Adapha, adapha, mpaka khola lidatsala nthenga zokha.

Wachitatu adali Nangondo mwini. Ameneyu sadapite kulikonse, poti munthu akabwera ayenera kupeza wina pakhomo. Kapu ya tiyi ija adaivundikira ndi kambale. Tsiku lililonse la msika ankaphika tiyi wina, n'kuthiramo mpaka pomwe mwamuna wake adasiyira, n'kudikira mpaka azizire. Galu akauwa kunjira ankadzutsa mutu, akauwanso n'kudzutsanso, mpaka khosi lake lidapindikira mbali ya kunjira n'kuuma momwemo.

Koma mvetsetsani vuto la mayi ameneyu, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Mkazi mwamuna wake akafa, amalira, amaika maliro, amametedwa, kenako akuchimuna amamusudzula, kumumasula kuti apite kwawo kapena akwatiwenso. Nangondo sadali wamasiye, poti maliro padalibe. Sadalinso wapabanja, poti mwamuna padalibe. Kuukwati sankamulola kulanga mkwatibwi, ati alanga za banja liti. Kumaliro sankadziwa kokhala. Alongo ake adabwera kuchokera ku Ntchisi.

"Tipatseni mlongo wathu. Munda wa amayi ake ukugona thengo."

Akuchimuna adati, "Sitingasudzule mkazi wa munthu wamoyo. Tisonyezeni manda ake."

Alongo aja adabwerera, adabweranso, adabwereranso, kenako adayamba kufa mmodzimmodzi. Nangondo imvi zidamera. Felesiya, amene adali wakubere tsiku la tiyi lija, adakula, adakwatiwa, adatenga pakati, n'kubwera kwa amake kudzadikira tsiku lake. Ndipo mumtima mwa Nangondo mudatsala chinthu chimodzi chokha: wina amuuze kuti iye ndi ndani, kuti apite kwawo mafupa ake asanakanike kukwera basi.

Tsono m'mwezi wotentha uja, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, kudabwera uthenga wochokera kwa Bitoni. Ati wamupeza. Ati ali m'nyumba yachisoni pachipatala china chakumpoto, nkhalamba yopanda mwini, yomwalira pamsika itakhala pamwala, chipewa chili kumutu. "Nkhope ndaiona ndi maso anga. Ndi iyeyo."

Mudzi wonse udabuma. Nangondo adalira kulira kwa zaka zonse zija, ndipo ali mkati molira adachita manyazi, chifukwa adamva pachifuwa pake pakupepuka ngati watula mtolo wa nkhuni.

Esinati adakwera lole ndi bokosi kukatenga mtembo. Kunoko adzukulu, ife okumba manda, tidakhala upo. Mkulu wathu adali a Chidzanja, mdala wa diso limodzi koma lilime lakuthwa konsekonse. Iwo adati, "Dzuwa ili, mtembo wakhalitsa kale. Ukafika sugona m'mudzi. Tikumbiretu." Pamenepo ndiye padalakwika. Mwambo umati uone maliro kenako ugwire khasu, koma tonse tidatopa nako kudikira, ndipo Bitoni adali atalumbira. M'mawa mwake a Chidzanja adagwada kumsitu, n'kuomba m'manja, n'kuuza ogona kumeneko kuti, "Konzani malo, mwana wanu Zefaniya akubwera." Adalasa khasu loyamba, ife n'kulowapo. Ine khasu langa limodzi linkatulutsa dothi lodzaza ngolo. Pofika masana dzenje lidali litatha, loti ukayang'ana pansi chizungulire.

Dzuwa litapendeka, lole idatulukira. Idalibe masamba kutsogolo, idalibe nyimbo. Esinati adatsika, fumbi lili mbuu, Bitoni ali pambuyo pake mutu uli pansi. Amayi adayamba kukweza maliro, Esinati adakweza dzanja.

"Lekani. Zala zonse zilipo. Si iye."

Nangondo adamva mtolo uja ukubwerera pachifuwa, ulendo uno wonyowa.

A Chidzanja adabwera kuchokera kumsitu, chikwanje chili m'manja, n'kuima pakati pa bwalo.

"Odi, eni maliro opanda maliro! Dzenje lanu takumba, ndipo ndi lokongola, ngakhale ine ndikulisirira. Koma mukudziwa nonse kuti manda sagona kukamwa kuli yasa. Dzuwa likalowa muli mopanda kanthu, amasankha okha wolowamo, ndipo sasankha kutali. Amasankha m'nyumba ya amene adakumbitsa."

Palibe adatchula dzina, koma maso onse adapita kukhomo la Nangondo, kumene Felesiya adagona pamphasa, mimba ili apo, mwezi wake utakwana.

"Mankhwala ake mukuwadziwanso," adapitiriza a Chidzanja. "Thunthu la nthochi. Tilikulunge m'nsalu, tiliike m'malo mwa munthu, tikwirire. Koma mumve bwino, musadzati Chidzanja sadanene. Ine ndawauza kale akumsitu kuti akubwera ndi Zefaniya. Sindingabwerere kukawauza kuti ndimacheza. Nthochiyo ilowa ndi dzina lake. Ikalowa, Zefaniya wafa pamudzi pano. Mawa timeta, mayi awa tiwasudzula, azipita kwawo. Koma ngati munthuyo ali moyo kwinakwake, mwamutsekera njira. Ngakhale atadzatulukira pakamlatho paja, palibe adzamupatse moni, palibe adzamupatse madzi. Ana adzamuthawa. Adzakhala mzukwa pakhomo pake pomwe."

Adazika chikwanje chija pansi, chili chiimire.

"Ife adzukulu timakumba, timakwirira, koma sitipha. Adule ndi mmodzi wa inu atatu: mlongo wake, mkazi wake, kapena uyu watikumbitsayu. Nthochi ndi iyo kuseri kwa nyumba, adabzala yekha mwini wake. Fulumirani, dzuwa silidikira mlandu."

Bitoni ndiye adayamba.

"Wolakwa ndine, sindikana. Ndidaona chipewa, ndidaona mwala, mtima udathamanga."

"Mukadayang'ana kumapazi, achimwene," adatero a Chidzanja. "Zipewa ku Limbe zadzaza sitolo."

"Ndamva. Koma ine ndine wakudza, magazi anga si a pano. Wakudza akadula, akumsitu alandira? Ndiponso ine ndadzutsa dziko lonse kuti limufune munthuyu. Lero ndikaime pamsika ndinene kuti lekani kufuna, ndamukwirira ndine? Munthu amene ndinkadya naye chinangwa chimodzi? Ndilipitseni mbuzi, ndilipitseni njinga, koma chikwanjecho ayi."

"Njinga yake iti, yopanda matayala ija?" adatero wina kumbuyo. Palibe adaseka.

Esinati adakhala pansi, n'kutambasula mapazi ake ong'ambika aja kuti aliyense awaone.

"Mwini wake wa munthuyu ndine, mwambo ndikuudziwa. Koma ine ndidamudula kale chala, lero ndimudulenso khosi? Mapazi awa atha chifukwa ndikudziwa kuti ali moyo. Lero lomwe ndaona ndi maso kuti sadafe. Mukufuna dzanja lomwe lavundukula nsalu n'kupeza kuti si iye, lomwelo limuike m'manda? Ayi. Adule amene akufuna kupita kwawo."

Nangondo adatembenuka thupi lonse, poti khosi silinkatembenuka.

"Alamu, mwatero?"

"Ndatero. Kodi sindidakuoneni dzulo? Mumalira ndi diso limodzi, linalo likuyang'ana njira ya ku Ntchisi."

Anthu adati tsopano kugwa nkhondo. Koma Nangondo adayankha motsitsa, ngati akuyankhula ndi mwana.

"Eya, alamu, ndikufuna kupita kwathu. Ndibisirenji? Inu mumayenda, mphepo imakuwombani, mumaona midzi. A Bitoni amayenda, anthu amawaombera m'manja. Ine ndakhala pakhomo pano ngati mtondo wong'ambika, wosasinjira, wosataya. Amayi anga adamwalira ndidakafika atakwirira kale. Alongo anga atha. Amene amandidziwa dzina langa laubwana ku Ntchisi watsala mmodzi, nayenso ndi wakhungu. Inu mlongo wanu akabwera adzakupezani muli mlongo wake. Ine adzandipeza ndili chiyani?"

Esinati adangofunda nsalu kumutu.

Nangondo adaimirira, n'kuyenda mpaka pachikwanje paja, n'kugwira chigwiriro. Iye ankaona zonse poyera ngati nyemba palichero. Akadula, mwana wake apulumuka, mawa tsitsi ligwa, mkuja ali pabasi. Koma mpaka imfa yake, ku Chimkoka ndi ku Ntchisi komwe, adzamuloza chala kuti uyo adapha mwamuna wake kuti amasuke. Ndipo zoloza chalazo akadapirira. Chimene chidamugwira dzanja n'chakuti tsikulo lidali la msika, ndipo m'mawa muja, maliro ali mkati, iye adapezeka kuti waphika tiyi n'kuthira m'kapu muja osadziwa kuti akuchita chiyani.

Pomwepo galu adauwa kunjira.

Mutu wa Nangondo udadzuka wokha. Chauko kukamlatho kunkabwera munthu wachipewa, akuyenda pang'onopang'ono, dzuwa lili kumsana kwake, nkhope yosaoneka. Esinati adavula nsalu kumutu n'kudzuka. Bitoni adaimirira. Munthu uja adafika pamphambano, adaima, adayang'ana mudzi, n'kukhotera njira ya kuchigayo. Adali munthu wina chabe, thumba lili kukhwapa.

Dzanja la Nangondo lidatsetsereka pachigwiriro n'kugwera m'mbali.

"Sindingathe," adatero. "Akabwera apeze ndamukwirira ine? Tiyi wake ali patebulo?"

M'nyumba muja mudamveka kubuula, kenako mawu a Felesiya.

"Amayi! Amayi, bwerani, msana!"

Amayi awiri achikulire adathamangira m'nyumba. A Chidzanja adayang'ana kumadzulo ndi diso lawo limodzi lija. Dzuwa lidali litakhala pamutu pa phiri, lofiira ngati khala la moto, ndipo mthunzi wa chikwanje udatalika mpaka kukagunda pachitseko cha nyumbayo. Kuseri, masamba a nthochi ankangopepeluka. Kumsitu dzenje lili yasa. Anthu atatu aja ali chiimire, aliyense akuyang'ana mnzake.

Ine nkhani yanga ndaiimika pamenepa.

Mukuti chiyani inu kumbuyoko, a malaya a mizere? Ati akadangobwezeramo dothi lokhalokha n'kupita kukagona? Ha! Zamkutu! Mudagwirako khasu la kumanda inu, kapena manja anuwo ndi ongogwirira foni? Ku Kasiya adayesa zimenezo, dothi lokhalokha. Kutacha adapeza dzenje lasanza dothi lonse mpaka pamsewu, likuyasamula kuti aliyense amve, ndipo sabata isanathe lidameza mkamwini wina wa pamudzipo ndi njinga yake yomwe. Belu lake limamveka mpaka lero. Khalani pansi, musatitayitse nthawi, dzuwa likulowa.

Inu enanu, amene makutu anu ali ndi mabowo, mlandu ndi uwu. Bitoni ndiye adakumbitsa dzenje, koma ndi wakudza, ndipo adalakwa chifukwa chokonda. Esinati ndiye mwini magazi, koma ndi yekhayo amene waona ndi maso kuti mlongo wake sadapezeke pakati pa akufa. Nangondo ndiye womasulidwa nthochiyo ikagwa, ndipo wobuula m'nyumbamo ndi mwana wake, koma ndi iyeyo amene adauzidwa kuti tiyi asataye.

Chikwanje chili pabwalo, dzuwa latsala chala chimodzi. Tandiuzani: mwa atatuwa, ndani azule chikwanjecho akadule nthochi ya Zefaniya?